Kompyuta Imene Inamwa Madzi a Mumtsuko

Mboni zanga ndi zinayi, ndipo ndizitchuliretu nkhani isanayambe, chifukwa ndatopa ndi anthu onena kuti ine ndikamasimba ndimathira mchere wambiri. Oyamba ndi achemwali anga, eni kashopu kotaipira makalata ndi kukopera nyimbo pa boda ya Mwanza. Wachiwiri ndi mkamwini wathu, dalaivala wa thiraki, munthu wosunga mawu ngati mafuta a galimoto. Achitatu ndi amakaniko okonza maredieta kuseri kwa malo oimika mathiraki. Amenewa anatisiya chaka chatha, koma umboni anausiya m'manja mwa akazi awo pamodzi ndi masipanala. Achinayi ndi mayi wina wa pakhonde pa shopuyo, wogulitsa manachesi m'nyengo yake ndi mafirizesi dzuwa likakwiya. Mayi ameneyu sandikonda, choncho akavomereza chinthu, dziwani kuti chinachitikadi.

Unali mwezi wa Okutobala, uja woti pa boda phula limakutsatira kunsapato mpaka kunyumba. Loweruka tinachita chinkhoswe cha mwana wamkazi wa achemwali kumudzi kwa Kanduku, ine malume wake ndili nkhoswe. Mayi a mnyamatayo, yemwe ndi mkamwini wathu uja, sanabwere. Anali chigonere kwawo ku Mozambiki, kupitirira Tete, ndipo uyu anali mzime wawo. Thobwa litakhazikika bwino m'mimba, ndinaimirira pamaso pa anthu onse n'kulonjeza kuti mayiwo adzauona mwambo wonse ngati anali pomwepo, popeza tinali titabwereka kamera. Anthu anaomba m'manja. Anthu akamaomba m'manja munthu umalonjeza ndi zimene ulibe.

Lamulungu ndi Lolemba ndinakhalira kudula ndi kulumikiza zithunzizo pa kompyuta ya achemwali. Lolemba dzuwa litapendeka, wachibale wina wa ku Mozambiki kuja anayenda mpaka kumsewu kumene kumagwira netiweki, n'kuimba foni kuti mayi aja asiya kudya. Thiraki ya mkamwini inali kale pamzere pa boda, itasenza nandolo wopita ku Beira, ndipo msewu wake umadutsa pafupi ndi mudzi wawo. Ejenti wa mapepala anati zonse zituluka Lachiwiri wani koloko. Mapepala akatuluka thiraki siima, chifukwa abwana ake amaiona pa foni ali m'tauni. Ulendo wina unali pakatha milungu itatu, ndipo palibe amene ankakhulupirira kuti mayiwo adikira milungu itatu.

Kumudzi kumeneko kunali kachipangizo kamodzi koonera zimbale, koyendera batire ya sola. Ndiye filimu yathu inayenera kuphikidwa kaye kuti ilowe m'chimbale. Kuphikako ndi ntchito ya kompyuta: imatenga chithunzi chimodzichimodzi n'kuchisandutsa, mpaka zonse zitatha. Ukaisokoneza pakati imayambiranso poyamba, ngati mwana woloweza vesi ya ku Sande sukulu.

Kompyutayo anaisiya malemu alamu anga, ndipo iwonso anaigula ili kale nkhalamba. Poyatsa inkayamba yatsokomola katatu. Lachiwiri sikisi koloko m'mawa ndinaiuza kuti iyambe kuphika. Inaganiza kaye, kenako inalemba kuti kwatsala maola khumi ndi asanu ndi limodzi.

"Ikuti chiyani, achimwene?" anafunsa achemwali.

"Ikuti tidikire pang'ono."

"Ndimatha kuwerenga inetu. Munalonjeza ndinu, anthu akumva."

Mkamwini anamva zonsezi ali panja. Kashopuko n'kopanikiza, ndipo mkamwini sangakhale phewa ndi phewa ndi apongozi ake aakazi, choncho ankaima pawindo, chipewa chili m'manja. Anangoyang'ana nambala ija n'kuyang'ana ine.

M'thumba la jekete yanga ya kutchalitchi munali purosesa ina, yokulunga m'mpango. Purosesa ndiye bongo wa kompyuta. Ndinaigula ku Limbe kwa mkulu wina wophwasula makompyuta akufa, ndipo inatha miyezi iwiri ikupita nane kumapemphero, chifukwa ndinkaopa kuiika. Pamene imakhala, pa bodi yaikulu imene amati mazabodi, pali timawaya tosongoka mazanamazana, toonda ngati tsitsi la khanda. Ukapinda kamodzi, bodi yafa, ndipo ndiwo za achemwali zafa nayo. Tsiku limenelo mantha ndinawaika pambali, ndinatsegula bokosi.

Fumbi limene linatuluka mmenemo linali la mathiraki onse amene anadutsa pa boda m'zaka khumi. Tinadzaza beseni. Mayi wa mafirizesi anadzalamo tomato ndipo anabereka bwino, mphenzi indiwombe ngati ndikunama. Munatulukanso nalimata wamkulu, anatiyang'ana monga amayang'anira munthu amene akusamutsidwa popanda chenjezo, n'kukwera khoma.

Nditachotsa purosesa yakale ndinamasula mpango uja. Kanthuko n'kochepa kuposa bisiketi. Kumsana n'kachitsulo kosalala, kumimba kuli timadontho tagolide tondandalikana bwino kuposa mizere ya mlimi aliyense amene ndinamuonapo. Wondigulitsa anandiuza kuti m'kati mwake ndi mchenga wosungunula. Ine ndakulira pamchenga. Ndaupondapo, ndaumangira nyumba, ndaulavula nditaupeza mu mpunga. Sindinkadziwa kuti pali anthu ena padziko pano amene anaunyengerera mpaka unayamba kuwerengera. Ndinakaika m'malo mwake nditagwira mpweya, n'kutseka kachitsulo kogwirira. Pamwamba ndinadonthezapo phala lotuwa lija lothandiza kuti kutentha kudutse bwino kupita ku chitsulo choziziritsira, kadontho kofanana ndi njere ya mpunga.

"Komweko?" anatero achemwali. "Pakani bwinobwino, si majarini anu amenewo."

"Likachuluka limatchinga."

"Umbombo mpaka kwa makina."

Nditayatsa, sikirini inakhala yakuda nthawi yokwana munthu kulapa machimo a chaka chimodzi. Kenako kunamveka kulira kumodzi kwakufupi, ndipo zilembo zinabwera. Bodi yokalamba ija inamulandira mlendo. Nthawi ili eyiti koloko ndinayesanso kuphika, ndipo inalemba maola asanu ndi limodzi ndi theka. Zinali zodabwitsa, koma zinkatanthauza hafu pasiti thu, thiraki itapita kale.

Ukamayatsa kompyuta n'kudina batani lina mwachangu, umalowa m'chipinda chake cham'kati, sikirini yabuluu yopanda chithunzi, imene amati bayosi. Mmenemo muli nambala youza purosesa kuti izigunda kangati pa sekondi. Opanga amaisiya pamalo aulemu. Kuikweza ndiko kumene a makompyuta amati ovakiloko. Ndinafotokoza zimenezi mokweza kuti wa pawindo amve.

"Epa, amalume," anatero mkamwini. "Mukuchotsa gavana, koletsa liwiro kaja?"

"Ndendende."

"Thiraki ukaichotsa gavana imafika msanga. Kapena siifika."

Yathuyi anaipanga kuti izigunda pafupifupi mabiliyoni awiri ndi theka pa sekondi imodzi. Nambalayo inandiimitsa. Ndinatenga cholembera n'kuwerengera kuseri kwa envelopu kuti mtima wa munthu umagunda kangati kufika zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo yankho linabwera pafupifupi lomwelo. Moyo wonse wa nkhalamba, kuyambira kulira koyamba mpaka kutsinzina, kanthu kosakwana bisiketi aka kamaumaliza usanathe kunena kuti zikomo. Ndinabwereza samuyo kawiri poganiza kuti ndaphonya. Sindinaphonye. Ndipo ine, mwana wa kwa Kanduku, ndinali pafupi kukauza kuti kakuchedwa.

Ndinakweza nambala ija pang'onopang'ono mpaka inadutsa mabiliyoni atatu, ndinawonjezeranso kamphamvu ka magetsi kuti isafooke. Kuphika kunayamba. Inalemba maola asanu osakwana pang'ono. Achemwali anaimba nthungululu yaing'ono.

Patatha mphindi makumi awiri fani inayamba kukuwa ngati mbuzi yoona mpeni, m'shopu munamveka fungo la simbi yoiwalidwa pa malaya, kenako zii. Kompyuta inadzithimitsa yokha kuti isapse. Ndinalavulira pang'ono pa chitsulo choziziritsira chija, malovu anati tswee osafika n'komwe. Mkamwini anali atatsamira pawindo, ndipo malaya ake, amene anali okwinyika kuyambira ku Beira ulendo wapitawo, anawongoka mbali imodzi. Alipo malayawo, mukhoza kukawaona.

Ndi mkamwini amene anakaitana amakaniko. Anabwera akupukuta manja, anasuzumira m'bokosi, anagwira apa ndi apo.

"Kainjini kanu n'kati?"

Ndinawalozera.

"Aka? Kakutentha chonchi aka? Redieta yake ili kuti?"

"Imazizira ndi mphepo, madala."

"Mphepo ya Okutobala? Pansi pa malata? Inu aphunzitsi a makompyuta, nzeru munazisiya m'basi. Chilichonse chotentha ndi injini, ndipo injini imafuna madzi."

Ndinawauza kuti madzi ndi bodi ndi adani, dontho limodzi likhoza kupha zonse. Iwo anati ndiye tiwadutsitse m'payipi, asaonane. Anapita kugalaja kwawo, anadula kapayipi kamkuwa ku firiji yakufa, anakapinda ngati nkhata, n'kukawotcherera pa kachimbale kamkuwa kamene anakapala ndi sandipepala mpaka munthu kumadzionerapo. Tinakamanga pamwamba pa purosesa ndi tizitsulo ndi mabawuti anayi, ndikumanga mofanana mbali zonse kuti bodi isapindike. Mbali ziwiri za payipi tinalumikizako timapayipi tapulasitiki ta madzi otsukira galasi la thiraki. Ndinafunsa za pampu.

"Madzi akamatsika phiri amafuna pampu?" anatero amakaniko. "Amayi, tibwerekeni mtsuko wanu."

Mtsuko wa achemwali wa madzi akumwa, uja umaziziritsa wokha dzuwa likuswa mtengo, tinaukweza pamwamba pa shelefu. Payipi imodzi inalowa mumtsuko, ina inatulukira pawindo kukagwera m'ndowa. Ndinayamwa kumapeto kwake mpaka madzi anabwera, ndipo sanasiyenso. Fani ya patebulo tinailozetsa m'bokosi kuti iziuzira bodi yotsalayo. Teni koloko ndinayambitsanso kuphika, poyambirira penipeni.

Nambala ya kutentha inakwera, inakwera, n'kuima. Inaima pamalo abwino, ngati ng'ombe yafika pakhola. Ndinatuluka panja kukayika dzanja pa madzi ogwera m'ndowa. Mumtsuko ankalowa ozizira mpaka kuuma mano, kuno ankatuluka ofunda ngati osambitsira khanda. Pakati pake panalibe moto, panalibe khala, panalibe utsi. Panali kuwerengera kokhakokha. Ndinakhala chogwada pamenepo nthawi ndithu, madzi akudutsa m'zala. Ndamvapo anthu akunena kuti mutu watentha ndi maganizo, koma tsiku limenelo kutenthako ndinakugwira ndi dzanja langa, kukudontha m'ndowa yochapira.

Vuto linali lakuti mtsuko unkatha msanga, ndipo madzi otuluka sitikanawabweza, anali ofunda. Mayi wa mafirizesi atamva kuti zonsezi n'za mayi wodwala amene sanaone mpongozi wake, anamanga chitenje n'kuitana anzake a pamsika. Pasanathe nthawi panali mzere wa azimayi kuchokera kumjigo mpaka pashopu, monga zimakhalira pa maliro kapena pa ukwati. Aliyense ankathira ndowa yake mumtsuko, n'kusuzumira pasikirini.

"Ndiye wodwalayo ndi ameneyu?"

"Ayi, uyu ndi wophika."

"Wophika womwa chonchi kwathu tikanamubweza kwawo."

Madzi ofunda aja ankanyamula kukachapira. Achemwali amati ndowa zonse zinali khumi. Ine ndimati makumi anayi, ndipo amene ankawerenga ndine. Magetsi sanathime tsiku lonselo. Pa nkhani yonseyi, apa ndi pamene anthu amadzuka n'kumapita akunena kuti tsopano ndanyanya.

Cha m'ma thwelofu ndinapita kuseri pang'ono, monga munthu amene wamwa madzi ambiri poyamwa payipi. Ndikubwera ndinapeza mayi wa mafirizesi akumwetulira, chinthu chimene sachita akaona ine.

"Ndakuthandizani," anatero. "Ndathiramo ayisi wanga yense. Azizire bwinobwino mwanayu."

Anachita mwa mtima wabwino, ndipo ayisi ameneyo ndiye anali malonda ake a tsikulo. Nambala ya kutentha inali itatsikadi mokongola. Koma aliyense amene anagwirapo botolo lozizira mu Okutobala amadziwa chimene limachita. Limatuluka thukuta. Nditasuzumira m'bokosi, payipi yamkuwa ija inali itachita mikanda ya madzi, ndipo pansi pake, chala chimodzi pamwamba pa bodi, panalendewera dontho. Linkakula ndikuliona. M'kati mwake munkaoneka windo lonse la shopu litazondoka, pamodzi ndi mutu wa mkamwini. Tinali titaphika theka. Kuthimitsa kunali kuyambiranso, kusiya kunali kudikira dontholo.

"Chitenje!" ndinakuwa. "Chouma!"

Achemwali anang'amba nsonga ya chitenje chawo cha chinkhoswe ndi mano, n'kulowetsa dzanja m'bokosi, pakati pa mawaya amoyo. Nsalu inakhudza dontho, dontho linalowa m'nsalu. Koma ena ankabadwa m'mbuyo mwake, payipi yonse, ndipo dzanja limodzi silikanakwanitsa. Ine ndinali pampando, ndikuvuula ayisi mumtsuko.

"Bambo, lowani mudzagwire uku," anatero achemwali osatembenuka.

Mkamwini anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, anavula nsapato ngati akulowa m'kachisi, n'kulowa. Anagwada mbali ina ya bokosi atagwira kansalu kake. Mitu yawo inatalikirana ngati chikhatho chimodzi. Iye ankayang'ana khoma la kum'mawa, apongozi ake khoma la kumadzulo, manja okha akugwira ntchito m'katimo.

"Mwaswera bwanji, amayi?" anatero mkamwini, akuuza khoma.

"Ndaswera, kaya inu, bambo. Musagwedeze waya wofiirayo."

Madzi a mumtsuko anali akadali ozizira kwambiri, choncho amakaniko anathamangira kwa wogulitsa tiyi n'kubwera ndi ketulo. Tinathira madzi otentha mumtsuko kuti tiziziritse kompyuta bwino. Wodutsa aliyense amene anafunsa chimene tikuchita anachoka osakhutira ndi yankho. Thukuta la payipi linauma, ndipo nambala yotsala inapitirira kutsika.

Pa boda ya Mwanza ndinaonapo dalaivala amene anafika ali mbeta n'kuchoka ali ndi zidzukulu, akudikira mapepala. Koma tsiku limenelo, wani koloko yeniyeni, ejenti anafika akuthamanga, mapepala ali m'mwamba, akuyembekeza kuyamikiridwa. Palibe anamuyamikira. Kunatsala maola awiri osakwana. Foni ya mkamwini inayamba kulira, abwana ake akufunsa chifukwa chimene thiraki sikusuntha.

Amakaniko anatenga jeke osafunsa munthu. Anapita kuthiraki, anachotsa tayala limodzi la kumbuyo, analigoneka poonekera, iwo n'kulowa pansi pa thiraki ndi katoni yogonera. Mkamwini anauza abwana ake kuti tayala lili pansi ndipo makaniko ali pansi pa galimoto, zomwe zinali zoona mbali zonse ziwiri. Akuti mkonono unkamveka mpaka ku Zobue, tsidya lina la boda.

Ife tinatsala tikuyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa pasikirini. Azimayi a madzi anasiya nthabwala. Pafupi ndi mapeto ndinayika khutu pabokosi. Simunkamveka kanthu koma fani ndi madzi oyenda m'payipi. Kanthu kaja kanali katathamanga maola asanu kupitirira mphamvu imene anakapangira, pa bodi ya msinkhu wa mwana wa sekondale, kakumwa madzi a pamjigo, ndipo sikanaphonye chithunzi ngakhale chimodzi. Itatsala pang'ono kukwana fili koloko, kompyuta inalira kamodzi n'kulemba kuti yamaliza. Kuwotcha chimbale kunatenga mphindi khumi. Tinachiyesa, chinaonetsa. Achemwali anachikulunga m'chitenje chong'ambika chija n'kuchipereka kwa mkamwini ndi manja awiri, akuyang'ana kumbali. Tayala linabwerera m'malo mwake mofulumira modabwitsa.

Thiraki italowa pachipata, achemwali anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga zala.

"Achimwene, eyiti koloko ija inati maola sikisi ndi hafu, eti?"

"Inatero."

"Ndiye mukanangoisiya osaigwiragwira, bwenzi itamaliza hafu pasiti thu."

Ndinawauza kuti ikanapsa panjira ndi kafani kakale kaja. Mpaka lero ndimatero, ndipo palibe angatsutse, chifukwa sitinayese.

Mkamwini anabwerako patatha milungu iwiri, n'kudzaima pawindo lake lija. Anati anagona ku Tete, kumudzi anafika m'mawa. Anawapeza mayi ake atatsamiritsidwa pakhoma ndi mapilo, maso okha ndiwo amoyo. Anawaikira kachipangizo kaja pamiyendo. Mwambo unayenda, iwo ali phee, mpaka pamene azimayi anatulutsa atsikana atatu ofunditsidwa zitenje kumutu mpaka m'mawondo, kuti mnyamata asankhe wake. Mayiwo anali asanamuonepo mtsikanayo, ngakhale pa chithunzi. Anakweza chala n'kuloza wapakati.

"Uyo."

"Mwadziwa bwanji, amayi?"

"Awiriwo akuyenda mosewera. Uyu akuopa kugwa."

Chitenje chitavundukulidwa, anali yemweyo. Anauza mwana wawo kuti aimitse chithunzicho pamenepo, ndipo anachiyang'ana nthawi yaitali, akusisita galasi ndi chala. Kenako anafunsa ngati m'nyumbamo munatsalako phala.